Za Umoyo Wathu: Musagule Laketi Yoposa Dzanja Lanu

Mwezi wa June kunabwela ku cipatala bambo ena, aphunzitsi a zaka zopitilila 50, atagwila cigongono ca dzanja lamanja. Bambowa tinali kuwadziwa kale, cifukwa caka catha tinawapeza ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, aja tonse timangoti BP. Pamodzi ndi mankhwala, tinawauza kuti acepetse mcele ndiponso kuti apeze masewela owatulutsa thukuta. Mpila wamiyendo anakana, ati maondo sangalole. Kuthamanga m'mamawa anakananso, ati acita manyazi kukumana ndi ana a m'kalasi mwao pa mseu. Koma m'holo ya pa sukulu pao munali thebulo lakale la tebulo tenesi, masewela aja ena amati ping-pong, ndipo anayamba kusewela ndi aphunzitsi anzao masiku atatu pa sabata ndi laketi yobweleka. Atabwela kudzapimitsa patapita miyezi itatu, lamba wa buluku anali atabwelela bowo limodzi ndipo BP inali itatsikako.

Tsono tsiku la mu June lija nkhope yao sinali yokondwa. "A dokota, masewela anu aja andipweteka. Ngakhale kapu ya tiyi ndilephela kunyamula," anatelo.

Nditafunsa bwino-bwino, ndinapeza kuti mwana wao amene agwila nchito ku Johannesburg, atamva kuti atate ake akonda masewelawa, anawatumizila laketi ya mtengo wapatali, ya mtundu umene amasewenzetsa akatswili. Kucokela tsiku limenelo mpila unayamba kuuluka kupitilila thebulo. Kuti auletse, aphunzitsi anayamba kufinya mpini mwamphamvu ndi kuumitsa dzanja, ndipo patapita masabata angapo cigongono cinayamba kuwawa. Anali atasiya kusewela mwezi wathunthu, ndipo titapima tinapeza BP yakwelanso.

Mwana anacita mwacikondi, ndipo laketiyo inalibe cilema. Vuto linali lakuti inapangidwila dzanja lina. Ndiye cifukwa cake sabata ino tikambilana za kasankhidwe ka zipangizo za masewelawa, ngakhale ena adzafunsa kuti nkhani ya laketi ifuna ciani pa tsamba la zaumoyo.

Phindu lili m'kupatsana mpila nthawi yaitali

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azicita masewela olimbitsa thupi mphindi zosacepela 150 pa sabata, ndipo ana a zaka 5 mpaka 17 mphindi 60 tsiku lililonse. Kale anthu a kuno sitinali kusowa kuuzidwa zimenezi. Khasu, mtondo, kutunga madzi ndi njinga zinali kugwila nchitoyo. Koma lelo mu Kapata, Mchini, Nabvutika ndi m'makomboni ena muli anthu ambili amene amakhala pa mpando kuyambila m'mawa mpaka madzulo, pa shopu, mu ofesi kapena pa kabokosi kotumizila ndalama, ndipo ndi omwewa amene tikuwaona pa mzele wa BP ndi shuga.

Tebulo tenesi ndi yabwino kwa anthu otele. Siifuna bwalo lalikulu, mvula siiletsa, palibe kugundana kapena kuchelana miyendo, ndipo agogo angathe kusewela ndi mdzukulu wao. Imaphunzitsa maso, dzanja ndi miyendo kugwilizana, zimene zimathandiza okalamba kuti asamagwe-gwe. Pa masewela a Olimpiki a ku Paris mu 2024, mai Ni Xia Lian anaimilila dziko la Luxembourg ali ndi zaka 61.

Koma mvetsetsani apa. Mtima umapindula pamene awili inu mukupatsana mpila kwa nthawi yaitali osaima, miyendo ikusuntha ndipo mpweya ukukwela. Ngati mpila utuluka panja mukangoumenya kawili, ndiye kuti theka la nthawi yanu lithela kutola mpila pansi pa mabenchi. Anzanu atopa nanu, inunso mukhumudwa, ndipo sabata yotsatila mupeza cifukwa cosapitila. Conco laketi yabwino kwa inu ndi imene imakuthandizani kubweza mpila pa thebulo kambili-mbili. Mtengo wake ndi dzina lolembedwa pa mpini zibwele pambuyo.

Zimene zili mu laketi

Laketi, imene anyamata ambili amangoti bati, ili ndi zinthu zitatu: thabwa la pakati pamodzi ndi mpini wake, siponji, ndi labala wa pamwamba amene amakhudza mpila.

Thabwalo si limodzi ai, koma ndi timatabwa topyapyala tomatidwa pamodzi, kawili-kawili tisanu kapena tisanu ndi tiwili. Malamulo a bungwe la ITTF, limene liyang'anila masewelawa pa dziko lonse kuyambila mu 1926, amati magawo 85 mwa 100 a kucindikala kwa thabwa akhale mtengo weni-weni. Pa kagawo kotsalako opanga amaikapo zinthu zina zolimba monga kaboni. Thabwa la mtengo wokha-wokha la magawo asanu limapindika pang'ono pomenya, mpila umakhalapo kamphindi, ndipo dzanja limamva pamene mpila wagunda. Thabwa la kaboni ndi louma, mpila umacokapo nthawi yomweyo ngati mwala wa legeni. Pa matabwa ogulitsidwa paokha mudzaona zilembo izi: DEF ndi la osewela mochinjiliza, ALL ndi lapakati-kati, OFF ndi laliwilo, la omenya mwaukali. Ya aphunzitsi aja inali OFF ya kaboni.

Siponji ndi imene inasintha masewelawa. Mu 1952, pa mpikisano wa dziko lonse ku Bombay m'dziko la India, Hiroji Satoh wa ku Japan anabwela ndi laketi yokhala ndi siponji yocindikala ndipo anagonjetsa akatswili amene anali asanazolowele mpila wocoka pa siponji. Kucokela pamenepo aliyense anafuna siponji, mpaka malamulo anaikapo malile. Lelo siponji pamodzi ndi labala ndi guluu wake siziyenela kupitilila mamilimita 4.05. Siponji ikacindikala, mpila umathamanga kwambili ndiponso umazungulila kwambili. Ya mamilimita 1.5 kapena 1.8 ndi yofatsa. Ya mamilimita 2.0 kupita m'mwamba, maka-maka imene alembapo kuti MAX, ndi ya anthu amene dzanja lao linakhazikika kale.

Labala ali mitundu iwili ikulu-ikulu. Pali wosalala, amene amagwila mpila ndi kuuzunguza, ndipo pali wa timabele toyang'ana kunja. Wosalala ndiye woyenela kuphunzilila, cifukwa amaphunzitsa kamenyedwe konse. Cimodzi coyenela kudziwa n'cakuti labala amene amazunguza mpila kwambili amamvanso kwambili kuzungulila kwa mpila wa mnzanu. Ngati simunaphunzile kuwelenga kazungulilidwe ka mpila, labala wa akatswili adzauponya ku denga kapena mu neti inu musakudziwa cifukwa cake. Mbali imodzi ya laketi iyenela kukhala yakuda. Inayo kwa zaka zambili inali yofiila basi, koma kuyambila mu October 2021 analola mitundu inanso monga yobiliwila, yabuluu ndi yapinki. Mtundu susintha kamenyedwe, ungothandiza mnzanu kuona mbali imene mwamenyela.

Mmene cigongono cimapwetekela

Ikani dzanja lanu pa thebulo cafufumimba ndipo tukulani zala ndi cikhatho m'mwamba. Mudzaona minofu ya pamwamba pa mkono ikugwedezeka. Minofu imeneyi yonse imakamangika pa kafupa kamene kali kunja kwa cigongono. Nthawi iliyonse mukafinya cinthu mwamphamvu, minofuyi imakoka pa kafupako. Mukacita zimenezi kambili-mbili tsiku ndi tsiku osapumula, mtsempha wa pamenepo umayamba kutha pang'ono-pang'ono monga cingwe ca pa citsime cimene cimakhuzika pa malo amodzi. Azungu anaacha matendawa tennis elbow, koma ambili amene timawaona nao ku cipatala sanagwilepo laketi: ndi akalipentala, omanga nyumba, ophwanya miyala ndi amai ofinya zovala.

Munthu wodziwa kusewela amatenga mphamvu kucokela ku miyendo ndi m'ciuno, ndipo dzanja limangomalizitsa. Laketi amaigwila momasuka, monga mugwila mwanapiye kuti asathawe koma osamupweteka. Woyamba kumene sadziwa izi. Mukamupatsa laketi yaliwilo, amaopa kutambasula dzanja cifukwa mpila utuluka, ndiye amaimilila ngati mtengo, amafinya mpini, n'kumangogwedeza cikhatho. Nchito yonse imagwela pa minofu ija ing'ono-ing'ono. Onjezanipo kulemela. Laketi yonse imalemela pafupi-fupi magalamu 150 mpaka 200, ndipo labala wa siponji yocindikala amaonjezela kulemela kumutu kwake. Magalamu makumi awili kapena atatu amaoneka ocepa pa sikelo, koma dzanja limene lamenya mpila kokwana mazana ambili madzulo amodzi limawamva, ndipo phewa limawamvanso.

Muno mu Chipata aliyense adziwa njinga. Palibe kholo limene limaphunzitsa mwana kupalasa pa mtsetse wa phili la Kanjala. Timayambila pa bwalo lathya-thya, liwilo limabwela mwana atadziwa kale kugwila mabuleki.

Nanga ndigule iti?

Ngati mukuyamba kumene, kapena musewela cabe kuti thupi likhale bwino, funani laketi yomata kale, ya thabwa la mtengo wokha-wokha, labala wosalala mbali zonse ziwili, ndi siponji ya mamilimita 1.5 mpaka 1.8. Pa mapaketi ambili amalembapo manambala a speed, spin ndi control. Manambalawa kampani iliyonse imawelenga mwa njila yake, conco musayelekeze a kampani ina ndi a inzake. Ingoonani kuti pa paketi imodziyo nambala ya control, ndiko kuti kumvela dzanja, ikhale yoposa ya speed.

Apa ndicenjezenso za mbali inayo, cifukwa kuno kwathu vuto la laketi yochipa kwambili ndilo lofala kuposa la aphunzitsi aja. Mukapeza aja amabwela awili-awili m'paketi pamodzi ndi kaneti ndi timipila titatu, kaya ndi ku Down Shops kaya ndi pa msika wa Kapata, yambani mwayesa musanapeleke ndalama. Tengani mpila, ukanikizeni pang'ono pa labala ndipo muukoke. Ngati utelela ngati pa galasi, labalayo ndi wakufa. Dinani ndi cala kuti mumve ngati pansi pali siponji yofewa. Laketi ya labala wakufa ndi yabwino kwa ana osewela pa khonde masana a Ciwelu, koma mwana amene afuna kuphunzila zeni-zeni imamuononga, cifukwa amazolowela kukankha mpila m'mwamba ngati akugwila thileyi, ndipo cizolowezi cimeneci cimavuta kucotsa. Samalaninso ndi zacinyengo. Mukaona dzina lalikulu monga Butterfly, Stiga kapena DHS pa laketi ya mtengo wa buledi awili, dziwani kuti dzinalo ndi utoto cabe.

Gwilani mpini musanagule, monga mmene mumacitila posankha mpini wa khasu. Ambili kuno timagwila laketi ngati tipatsa munthu moni wa dzanja, ndipo kwa ife pali mpini wotambasuka kumapeto ndi wina woongoka. Wotambasuka suthawa m'manja mukacita thukuta, ndiye ambili oyamba amaukonda. Ena amagwila ngati bolopeni, monga acitila osewela ena a ku China ndi ku Japan, ndipo iwo amafuna mpini waufupi. Mpini ukacepa kwambili mudzaufinya, ukakula kwambili cikhatho sicidzamasuka. Kwa ana a pulaimale funani laketi yopepuka ya mpini waung'ono. Musawagulile yaikulu poganiza kuti adzakulilamo ngati yunifomu. Kwa acikulile ndi onse amene mfundo za zala zimawawawa, kupepuka ndiko koyamba.

Kodi mudzadziwa bwanji kuti nthawi yosintha yakwana? Muyeso umene ine ndimauza anthu ndi uwu. Ngati inu ndi mnzanu mungathe kupatsana mpila kokwana 40 kapena 50 osaphonya, ku dzanja lamanja ndiponso kumanzele, ngati mungathe kuyamba mpila wozungulila mwadala, ndipo mukayang'ana laketi ya mnzanu mudziwa kumene mpila wake udzathawila, ndiye kuti mwacoka pa gulu la oyamba. Kwa ambili zimatenga caka kapena kuposa akusewela mosadumphitsa. Pamenepo gulani thabwa palokha la ALL ndi labala payekha wa siponji ya 1.8 kapena 2.0. Pali zipangizo zakale zimene aphunzitsi a masewelawa amakondabe kupatsa ophunzila, monga thabwa la Stiga Allround Classic, labala wa Butterfly Sriver ndi wa Yasaka Mark V, zonse za m'zaka za m'ma 1960, ndiponso labala wa ku China wa Friendship 729 amene mtengo wake ndi wotsikilapo. Ubwino wogula padela ndi wakuti thabwa limakhala zaka zambili, mumangosintha labala akatha. Zotelezi kawili-kawili zimafuna kutuma munthu ku Lusaka kapena kuitanitsa pa intaneti, conco lembani bwino-bwino dzina ndi kucindikala kwa siponji, kuti wotumidwayo asangokutengelani yodula kwambili poganiza kuti ndiyo yabwino.

Za akatswili sindinena zambili, cifukwa iwo ali ndi owaphunzitsa. Thabwa la OFF, kaboni ndi siponji ya MAX ndi za munthu amene amayeseza masiku ambili pa sabata ndipo amalowa mipikisano. Pa mpikisano labala ayenela kukhala ndi cizindikilo ca ITTF m'munsi mwake, apo ayi woweluza angathe kumukana. Anyamata athu amaonela pa foni Quadri Aruna wa ku Nigeria, amene mu 2016 ku Rio de Janeiro anakhala munthu woyamba wa mu Africa kufika pa asanu ndi atatu otsiliza pa Olimpiki, ndipo amafuna laketi yonga yake. Aiwala kuti iye anamenya mpila zaka zambili asanafike pamenepo. Ngati musintha, sinthani cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, labala yekha kapena thabwa lokha, ndipo masabata awili oyamba sewelani mofatsa kuti minofu izolowele.

Labala amaopa dzuwa, kutentha ndi fumbi. Musasiye laketi pa windo kapena pafupi ndi malata m'mwezi wa October. Mukatha kusewela pukutani ndi kansalu konyowa ndi madzi oyela, osati sopo kapena palafini, ikauma phimbani ndi kapulasitiki ndi kuiika m'cikwama.

Guluu wa njinga ai

Labala akayamba kumatuka, mnyamata wa mu Chipata amadziwa kothamangila: kwa wokonza njinga pansi pa mtengo, kukapempha solushoni womatila macubu. Nkhaniyi si yatsopano. M'zaka za m'ma 1970 osewela a ku Ulaya anazindikila kuti guluu wa mtundu umenewu amatupitsa siponji ndipo mpila umathamanga kwambili, ndiye kwa zaka pafupi-fupi makumi atatu akatswili anali kumata labala wao mwatsopano asanalowe m'bwalo. Koma nthunzi ya guluu ameneyu ndi yoipa. Imapweteka mutu, imacititsa cizungulile ndi mselu, imayabwa m'maso ndi pakhosi, ndipo kwa mwana wa cifuwa ca asima ingathe kuyambitsa befu. Ndi nthunzi ya mtundu womwewo umene umaononga ana a m'miseu amene amanunkhiza guluu m'mabotolo. ITTF inaletsa guluu ameneyu mu 2008 cifukwa ca umoyo wa osewela. Lelo pali guluu wa madzi, woyela ngati mkaka, wopangidwila nchito imeneyi. Ngati mulibe ndipo mwakakamizika kumata ndi wina, matilani panja pa mphepo, kutali ndi mbaula, ndipo acite ndi munthu wamkulu. Supa guluu musayese n'komwe, cifukwa amaumitsa siponji ndipo pomatula labala amang'amba thabwa.

Mpila ndi thebulo

Amene tinasewela tili ana m'zaka za m'ma 1990 tikumbuka kampila kang'ono ka mamilimita 38 ndi masewela ofika pa 21. Mu 2000 mpila anaukulitsa kufika pa mamilimita 40 kuti uziyenda pang'ono-pang'ono ndipo oonela aziuona bwino, ndipo mu 2001 masewela anayamba kuthela pa 11. Kulemela kwake ndi magalamu 2.7. Kuyambila mu 2014 mipila imapangidwa ndi pulasitiki, yolembedwa 40+, m'malo mwa selulodi wakale amene anali kuyaka ngati petulo akayandikila moto. Ngati m'nyumba mwatsala mipila yakaleyo, ana asaseweletse pafupi ndi mbaula kapena kandulo. Mipila ili ndi nyenyezi, imodzi mpaka zitatu. Ya nyenyezi zitatu ndi ya mpikisano. Woyamba kumene agule ya nyenyezi imodzi yambili, cifukwa adzaiponda ndipo ina idzalowa m'ngalande. Mipila khumi m'kabeseni pafupi ndi thebulo imacititsa kuti masewela asamaime-ime.

Thebulo la ku sitolo ndi lodula, koma chalichi, sukulu kapena kalabu ya acinyamata ingathe kupangitsa kwa kalipentala. Muuzeni miyeso iyi: m'litali mamita 2.74, m'lifupi mamita 1.525, kutalika kucoka pansi masentimita 76, ndipo neti ikwele masentimita 15.25. Thabwa la pamwamba licindikale mamilimita 18 kapena kuposa, cifukwa lopyapyala limapindika nthawi ya mvula. Apake penti wakuda bii monga wobiliwila kapena wabuluu, wosanyezimila, kuti maso asatope. Poyesa, gwetsani mpila kucokela pa masentimita 30, kutalika kwa lula ya ku sukulu. Uyenela kudumpha pafupi-fupi masentimita 23 paliponse pa thebulo. Apale m'mbali ndi m'makona kuti musakhale zobaya, cifukwa makona a thebulo ali pa msinkhu wa nkhope ya mwana wamng'ono. Kumbuyo kwa wosewela aliyense kukhale malo a mamita awili opanda mipando kapena njinga.

Ndalama zikacepa, yambani ndi nsapato

Anthu amadabwa ndikawauza kuti pa zipangizo zonse, cimene cimateteza thupi kwambili ndi nsapato. Pa tebulo tenesi munthu sathamangila kutsogolo ai, amasuntha cam'mbali ndi kuima mwadzidzidzi. Patapata amaculuka pa kusunthako ndipo zala zimagunda mwendo wa thebulo. Nsapato za ku nchito za cidendene zimapotokola kakolo. Nazo nsapato zothamangila za pansi pocindikala kwambili si zabwino kweni-kweni, cifukwa phazi limakhala pamwamba ndipo limagudubuka mosavuta. Pa salaula funani nsapato zopepuka, za pansi pathya-thya pa labala wofewa amene agwila simenti, zomanga ndi zingwe, zotsala mpata wa cala cimodzi kutsogolo. Pindani nsapatoyo ndi manja: ipindike pa zala, osati pakati.

Yang'ananinso pansi pamene musewelela. Amai athu amanyadila simenti yopakidwa polishi wofiila mpaka kuwala, ndipo ndi ukhondo ndithu, koma pa masewela ndi msampha. Pamalo pa thebulo pasapakidwe polishi, ndipo psyelani mcenga ndi kupukuta madzi musanayambe.

Odwala shuga, apa mvetselani. Matendawa amacepetsa kumva kwa mapazi, kotelo kuti thuza kapena kacilonda kangathe kukula inu osadziwa. Musasewele opanda nsapato. Valani sokosi zoyela zouma, gwedezani nsapato musanavale kuti mucoke timiyala, ndipo mukafika kunyumba yang'anani mapazi onse mpaka pakati pa zala. Ngati mumabaya insulini kapena mumamwa glibenclamide, musasewele ndi njala, ndipo m'thumba mukhale switi kapena shuga pang'ono. Mukamva kunjenjemela, thukuta lozizila kapena kusokonezeka mutu, imani ndipo idyani nthawi yomweyo. Auzeni anzanu osewela nao kuti adziwe cocita.

Liti pobwela ku cipatala

Ngati muli ndi zaka zopitilila 40 ndipo mwakhala nthawi yaitali osacita masewela, yambani mwapimitsa BP ku kiliniki ya Kapata kapena ina imene ili pafupi nanu. Ikapezeka pa 180/110 kapena kuposa, dikilani mpaka mankhwala aitsitse. Musanagwile laketi yendani mofulumila ndi kuzunguza mapewa, ciuno ndi akakolo kwa mphindi zisanu kapena khumi, maka-maka m'miyezi yozizila ya June ndi July. Sabata yoyamba mphindi 15 kapena 20 zikwana.

Mukamva kupweteka kapena kulemela pa cifuwa, befu wosalingana ndi masewela amene mwacita, cizungulile, kapena dzanja ndi nkhope kucita dzanzi mbali imodzi, siyani pomwepo ndipo anzanu akutengeleni ku Chipata Central Hospital. Musayambe mwapita kunyumba kukagona.

Kakolo akabinya, khalani pansi, ikani madzi oundana okulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20, mangani bandeji mosathina kwambili ndipo kwezani mwendo pa pilo. Musaukoke, musautsine ndi madzi otentha tsiku loyamba, ndipo musateme mphini. Ngati simungathe kuponda ngakhale mapazi anai, kapena fupa leni-lenilo lipweteka mukalidina, bwelani tidzajambule.

Cigongono cikayamba kuwawa, cepetsani masewela msanga, musadikile kuti mulephele kunyamula kapu. Panado amathandiza. Brufen ndi diclofenac musamangogula pa kantemba n'kumamwa masabata ambili, cifukwa amayambitsa zilonda za m'mimba, amavutitsa impso ndipo amakweza BP. Ngati patapita masabata awili kapena atatu palibe kusintha, bwelani ndipo laketi yanu mubwele nayo. Matendawa amapola, koma amacedwa. Ena amatenga miyezi isanu ndi umodzi, ena caka.

Aphunzitsi aja tinawapumitsa ku thebulo masabata asanu ndi limodzi, tinawauza kuti pa nthawiyo aziyenda wapansi madzulo, ndipo a fizio anawaonetsa mmene angalimbitsile minofu ya mkono ndi kabotolo ka madzi. Anabwelela ku holo ndi laketi ya mtengo wokha-wokha ya siponji ya 1.5. Ya ku Johannesburg ija anaikulunga m'pulasitiki n'kuiika m'kabati. Atabwela kudzatenga mankhwala mwezi watha anandiuza kuti afika pa 32 osaphonya, ndipo anafunsa ngati pa 50 ndidzawalola kuitulutsa. Ndinawauza kuti akafika tidzayambe taona cigongono.